Chilala Chikagwa ku Bindura, Katundu Amasenza Ndani?

Alangizi anzanga, mu Epulo 2024 boma la Zimbabwe linalengeza kuti chilala chimene chinadza ndi El Niño chinali tsoka la dziko lonse. Tsokalo silinagwere anthu onse mofanana.

M'makomboni a migodi monga Trojan ku Bindura, ndi m'mafamu ozungulira, mukukhala zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Ambiri mwa iwo sanalandire malo pamene mafamu anagawidwa kuyambira mu 2000. Mvula ikakana, abambo amapita kukakumba golide m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Mayi amatsala ndi khasu, ndowa ndi ana, pa kamunda kobwereka. Utsi umene ukusokoneza nyengo wachuluka kuchokera ku maiko olemera, koma wogona ndi njala ndi mayi ameneyu.

Ndondomeko ya Pfumvudza, imene boma linafalitsa mu 2020, imathandiza kusunga chinyezi m'nthaka. Komabe kukumba maenje ndi kututa maudzu ophimbira ndi ntchito yowawa, ndipo kawirikawiri imagwera amayi.

Choncho polemba maina a olandira mbewu ndi feteleza, tilembe dzina la wogwira khasu, ngakhale alibe chikalata cha malo. Misonkhano tiziitanitsa amayi atabwerako kotunga madzi. Posankha mbewu zopirira chilala monga mapira, mawere ndi khobwe, tiyambe tafunsa amayiwo, pakuti iwo ndiwo amasunga mbewu ndi kudziwa chimene chimakhalitsa m'nkhokwe.