JAKISONI WOCHOTSA MAKWINYA: FUNSANI KAYE MUSANAPEREKE NKHOPE

 Lero sindikamba za mtengo wa usipa ayi. Ndikamba za jakisoni amene wadzaza pa TikTok uja, wotchedwa Botox, amene akuti ukabayitsa pachipumi makwinya amatha, nkhope n'kusalala ngati nyanja ya m'mamawa. Azichemwali athu ena, makamaka amene ali ku Joni, ayamba kale kumusirira. Tiyeni tiuzane zoona.

Choyamba, Botox si vitamini. Ndi poizoni wochokera ku kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, komwe kaja kamapha anthu akadya chakudya cham'chitini choonongeka kapena nsomba yosasungidwa bwino. Dokotala amabaya kadontho kochepetsetsa, kamene kamaletsa mtsempha kulamula mnofu kuti ugwire ntchito. Mnofu ukafooka, khungu silikwinyika. Basi. Palibe unyamata umene wabwerera. Pakatha miyezi 3 kapena 4 makwinya aja ndi awa, ukalipirenso.

Sindikunena kuti aliyense wobayitsa amafa. Ku America anauvomereza pa zokongoletsa nkhope mu 2002, ndipo ambiri obayidwa ndi madokotala enieni amangotupa pang'ono kapena kumva mutu. Koma singano ikaphonya, chikope chimagwa, diso n'kukhala lotsinzina milungu ingapo, ndipo palibe mankhwala ochotsera zimenezo msanga. Umangodikira. Mu 2009 bungwe la FDA linalamula kuti pabokosi pazilembedwa chenjezo lalikulu: poizoniyu angathe kufalikira m'thupi, munthu n'kulephera kumeza ngakhale kupuma.

Ndiye pali wachinyengo. Mu 2024 ku America anthu anagonekedwa m'zipatala atabayidwa Botox wabodza, ena m'nyumba za anthu. Mu 2025 zinachitikanso ku England. Aise, ngati mayiko a malamulo okhwima aja zinawapitirira, nanga botolo lobwera m'chikwama pabasi, n'kubayidwa kuseri kwa saluni?

Ife ana a asodzi timadziwa zomwe zimachitikira chambo chikayenda kuchoka ku Mangochi kupita ku Limbe popanda ayezi. Botox nayenso amafunika kukhala mufiriji, pa madigiri 2 mpaka 8. Ndi magetsi athu othimathimawa, ndani akutsimikizireni kuti anasungidwa bwino?

Musasokonezenso ndi ma filler, aja otupitsa milomo ndi masaya. Amenewo akalowa mumtsempha wa magazi, khungu limafa n'kuda, ndipo ena anachita khungu osaonanso.

Nkhope ndi yanu, ndalama ndi zanu, sindingakuletseni. Koma musanagone pabedi paja funsani izi:

1. Wobayayo ndi dokotala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, kapena ku bungwe la madokotala la dziko limene muli?
2. Akuonetseni botolo losatsegula, dzina lake ndi tsiku lotha mphamvu. Kuno kwathu mankhwala amayenera kuvomerezedwa ndi PMRA.
3. Zikavuta usiku, mumupeza kuti?

Akakwiya ndi mafunso amenewa, nyamulani chikwama muzipita.

Woyembekezera, woyamwitsa ndi amene ali ndi matenda ofooketsa minofu asayerekeze. Ngati mukulandira jakisoni wa gentamicin nenani, chifukwa amawonjezera mphamvu ya poizoniyu. Ndipo wina akabayitsa, kenako n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, madzi kumutsamwa, kaya papita maola kaya milungu, musamuthire Panado. Thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene chimene anabayitsa, osabisa chifukwa cha manyazi.

Komanso tisaiwale kuti chimene chimakalambitsa khungu lathu kunyanja kuno ndi dzuwa ndi fodya. Chipewa chachikulu n'chotchipa kuposa singano.

Tumizirani mlongo wanu amene ali kutauni asanalipire dipoziti.