Ndani adzagwira sikelo ya nkhalango zathu?

Mlimi aliyense amene anagulitsapo cimanga pa sikelo ya wogula adziwa kuwawa kwake. Thumba limene unalinyamula movutikira limapepuka likangofika pa sikelo ya mwini ndalama, ndipo ulibe conena cifukwa ulibe sikelo yako. Funso lomweli lafika tsopano pa nkhalango za dziko la Zambia, pamene mpweya wa kaboni wosungidwa m'mitengo wasanduka katundu wa malonda.

Ici ndico cifukwa cake kafukufuku amene anacitika m'nkhalango ya Miengwe, m'boma la Masaiti ku cigawo ca Copperbelt, ayenera kumvedwa ndi anthu ambiri, osati ophunzira okha. A Hastings Shamaoma a pa Copperbelt University, pocita maphunziro awo a digiri ya udokotala pa University of Pretoria ku South Africa, anaulutsa kandege kopanda woyendetsa, kochedwa droni, pamwamba pa mitengo ya miombo. Kandegeko kananyamula cipangizo cochedwa lidar, cimene cimapima ndi kuwala kwa laser. Zotsatira za nchitoyi zinafalitsidwa m'caka ca 2024 m'magazini ya sayansi ya Plant Methods.

Kagwiridwe ka nchito ka lidar sikovuta kumvetsa. Munthu akafuula pafupi ndi phiri, mau ake amabwerera, ndipo akacedwa kubwerera timadziwa kuti phirilo lili patali. Lidar imacita cimodzimodzi, koma ndi kuwala, kumene kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Cipangizoci cimaponya timizere ta kuwala tambirimbiri pansi. Kuwala kwina kumabwerera kucokera pamasamba a pamwamba, kwina panthambi za pakati, ndipo kwina kumadutsa m'mipata mpaka kugunda nthaka. Kusiyana kwa nthawi yobwerera kumaonetsa kutalika kwa mtengo ndi kuculuka kwa nthambi zake. Cithunzi wamba ca setilaiti cimangoonetsa kubiriwira, kotero kuti zitsamba ndi mitengo ikuluikulu zingaoneke zofanana. Lidar imazisiyanitsa.

Njira ya ku Miengwe inali ndi masitepe atatu. Poyamba anthu analowa m'thengo ndi matepi, napima mitengo m'timalo tosankhidwa. Kenaka miyeso imeneyi inayerekezedwa ndi zimene droni inapeza pamalo okulirapo. Pomaliza, zopeza za droni zinagwiritsidwa nchito pomasulira zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zimene zimapezeka kwaulere ndipo zimaonetsa nkhalango yonse. Mwacidule, droni inakhala mlatho pakati pa munthu wa tepi ndi setilaiti. Popeza kuti pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni, amene wadziwa kulemera kwa mitengo wadziwanso katundu amene ali pamsika.

Luso limeneli lili kale m'mlengalenga. Mu December 2018 bungwe la NASA, pamodzi ndi University of Maryland, linatumiza cipangizo ca GEDI ku International Space Station, imene imayenda makilomita pafupifupi 400 pamwamba pa dziko. GEDI imapima timalo ta mamita 25 m'mimba mwake, ndipo Zambia yonse ili m'dera limene imadutsamo. Ena angafunse kuti, ngati a ku America akupima kale mitengo yathu kwaulere, droni ya ku Masaiti ili ndi phindu lanji?

Yankho nlakuti laser siyeza kulemera. Imangopima kutalika ndi kaimidwe ka mitengo. Kuti miyesoyi isanduke matani a kaboni pamafunika masamu ocokera ku mitengo yeniyeni ya m'deralo. Mombo ndi mtondo si mitengo ya ku Amazon. Ndi yaifupi, ndi yotalikirana, imayoyola masamba m'cilimwe, ndipo ikadulidwa imaphukiranso pazitsa. Masamu opangidwa m'nkhalango zina angacepetse kapena kukulitsa cuma ca miombo. Komanso GEDI siipima mtengo uliwonse, koma imangodontheza miyeso m'mizere, ndipo mitambo ya m'dzinja imatsekereza kuwala kwake.

Apa ndi pamene nkhani ya sayansi ikukhudza thumba la munthu wa kumudzi. Lamulo la zankhalango la 2015 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu yosamalira nkhalango zawo kudzera m'magulu ovomerezedwa, ndipo m'caka ca 2021 boma linakhazikitsa malamulo a kasamalidwe ka kaboni wa m'nkhalango. M'caka ca 2024 Zambia inasainirana pangano ndi World Bank lolipira ndalama zofika madola 30 miliyoni ngati cigawo ca Kum'mawa cicepetsa mpweya woipa ndi matani 3 miliyoni. Ndalama zotere sizibwera cifukwa ca malonjezo. Zimabwera pambuyo pa kupima ndi kutsimikizira. Muyeso ukacepa, mfumu ndi anthu ake amene anasiya kutema mitengo alandira zocepa. Muyeso ukakokomezedwa, ogula adzataya cikhulupiriro ndipo msika udzagwa.

Ngakhale ciwerengero ca nkhalango zimene timataya sicinakhazikike. Kwa zaka zambiri malipoti akhala akuchula mahekitala 250,000 mpaka 300,000 pacaka, pamene kafukufuku wina wapereka ziwerengero zosiyana ndi zimenezi. Kalembera wa nkhalango wochedwa ILUA, amene dipatimenti ya zankhalango inayamba mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la FAO, anafuna magulu a anthu oyenda dziko lonse, ndalama zambiri ndi zaka zingapo. Nchito yotere siingacitike caka ndi caka, koma nkhwangwa siidikira kalembera. Droni ingathe kubwerera pamalo amodzi kawirikawiri pamtengo wocepa.

Komabe tisaike pa laser katundu amene siingasenze. Ingaonetse kuti mitengo yatha, koma siinganene cifukwa cake. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko mu February caka cimeneco, cinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi anasowa kwa maola ambiri, ndipo mabanja a m'matauni anatembenukira ku mbaula. Wootcha malasha amene mbewu zake zinapsa m'munda sadzaleka cifukwa cakuti droni yamuona. Afunika njira ina yopezera cakudya, ndipo wa m'tauni afunika cophikira cina.

Phunziro la ku Miengwe nlakuti ana a dziko lino angathe kupima okha cuma ca dziko lawo. Cotsalira ndi cakuti boma ndi mayunivesite aike ndalama pa zipangizo, pa timalo topimira tokhazikika m'zigawo zonse, kuyambira miombo yonyowa ya kumpoto kufikira mitengo ya mupani ya m'cigwa ca Luangwa, ndiponso pa ophunzira ena otsatira. Zotsatira za miyeso ziyeneranso kufika kwa mafumu ndi magulu a m'midzi m'cinenero cimene akumva, asanasaine pangano lililonse. Wogula kaboni adzabwera ndi sikelo yake. Cofunika ndi cakuti akatipeze tili ndi yathu.