Welensky: Wosiyira Sukulu Panjira Amene Ankafunsa Anzake Masatifiketi

Roy Welensky, nduna yaikulu yachiwiri komanso yomaliza ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anabadwira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, pa 20 Janyuwale 1907. Anali mwana wa nambala 13 m'banja losauka. Bambo ake anali Myuda wa ku Lithuania, mayi ake Mbunu, ndipo mayiwo anamwalira iye ali ndi zaka 11. Sukulu anasiyira panjira ali ndi zaka 14. Nambala imeneyi aisunge bwino akuluakulu aja amene masiku ano, magetsi akangothima kapena mankhwala akasowa m'chipatala, amayamba kuusa moyo pa wailesi ndi pa Facebook kuti bola nthawi ya Chitaganya.

Mnyamatayo analowa ntchito ya njanji, yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima, fosholo m'manja, thukuta kamukamu. Ankamenyanso nkhonya, moti pofika zaka 19 anali katswiri wa Rhodesia yense pa gulu la ziphona zolemera thupi. Kenaka anakwezedwa kukhala dalaivala wa sitima n'kukakhazikika ku Broken Hill, Kabwe wa lero. Kumeneko anatsogolera bungwe la azungu ogwira ntchito pa njanji, lomwe ntchito yake yaikulu inali kuonetsetsa kuti mpando wa dalaivala usalawidwe ndi munthu wakuda. Makwerero amene anakwerera yekha anawakokera m'mwamba. Mu 1938 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia, ndipo palibe anamufunsa pepala la sukulu.

Maloto ake anali olumikiza maiko a Rhodesia awiri aja kuti azungu okhala kuno adzilamulire okha, London isamawasokoneze. Mu 1949 iye ndi Godfrey Huggins, nduna yaikulu ya Southern Rhodesia pa nthawiyo, anakumana ndi anzawo ku Victoria Falls kukakonza za Chitaganya. Wakuda sanaitanidwe ndi mmodzi yemwe. Chitaganyacho chinayamba mu 1953, eni nthaka akukana poyera. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chifukwa chokana, ndipo ku Thyolo ndi madera ena akummwera anthu anaphedwa chaka chomwecho. Mwa aphungu 35 a nyumba ya malamulo ya Chitaganya, akuda anali 6, kuimira anthu mamiliyoni. Dzina lokometsera linali lakuti ubwenzi wa mitundu. Huggins mwini wake anaufanizira ubwenziwo ndi wa kavalo ndi womukwera, ndipo sipafunika wamaula kuti anene amene anali kavalo.

Welensky analowa m'malo mwa Huggins ngati nduna yaikulu ya Chitaganya mu Novembala 1956. Pansi pa ulamuliro wake panabwera malamulo a zisankho a 1957 ndi 1958. Kuti munthu alembedwe m'kaundula wamkulu wa ovota ankayenera kulandira mapaundi 720 pachaka, kapena 300 ngati anaphunzira zaka zinayi za sekondale. Bungwe lomwe linaikidwa kuti liziteteza zofuna za anthu akuda linanena kuti uku n'kusankhana mitundu, koma boma la Britain linangovomereza. Chitaganya chimayamba n'kuti sekondale za ku Nyasaland zili zowerengeka pa zala, monga Blantyre, Zomba ndi Dedza. Tsono munthu wosiyira sukulu pa zaka 14 ndiye anaima pakhomo n'kumafunsa aphunzitsi, abusa ndi makalaliki ngati anatukuka mokwanira kuti agwire pepala lovotera.

Osilira nthawi imeneyo amathamangira ku chitukuko. Amatchula chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi misewu ingapo ya tala, ngati kuti munthu akakubera ng'ombe n'kukubwezera chikopa uyenera kumuvinira. Damu la Kariba, lomwe linasamutsa Atonga oposa 50,000 m'chigwa cha Zambezi, magetsi ake ankapita ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia ndi mafakitale a Southern Rhodesia. Nkula anayamba kuwalitsa Malawi mu 1966, Chitaganya chitaikidwa kale m'manda. Yunivesite inamangidwa ku Salisbury. Maphunziro a ana achizungu anali m'manja mwa boma la Chitaganya lomwe linali ndi thumba lalikulu, a ana akuda anasiyidwa ku maboma a zigawo ndi amishoni. Amene ankafunsa masatifiketi sanafune kumanga makalasi oti masatifiketiwo achokeremo. Nyasaland gawo lake linali kutumiza amuna ku Mthandizi ndi ku Wenela, ena mpaka kusanduka machona.

Dr Hastings Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, moto unabuka. Kunamveka mphekesera yoti a chipani cha Nyasaland African Congress akonza zopha azungu, asilikali a Chitaganya anatumizidwa kuchokera ku Southern Rhodesia, ndipo pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zavuta m'dziko. Dr Banda anakatsekeredwa ku Gwelo. Ku Nkhata Bay anthu anakhamukira padoko pomwe abale awo omangidwa anali m'sitima ya Mpasa, asilikali n'kuombera khamulo. Komiti ya woweruza Devlin inapeza kuti anthu 51 anaphedwa m'dziko lonse ndipo chiwembu chija sinachipeze monga ankachinenera. Ndilo bata limene ena akulilira lero, kwinaku akupuma pa holide ya 3 Malichi.

Kuchokera apo nkhonya za Welensky zinkangomenya mphepo. Anakalipira Komiti ya Monckton ya 1960 itanena kuti dziko lofuna kutuluka m'Chitaganya liloledwe, anakangana ndi nduna za ku London, anaikira kumbuyo Moise Tshombe ku Katanga. Amalawi atapatsidwa mpata wovota mu Ogasiti 1961, ngakhale unali wopereŵera, anasankha Malawi Congress Party mwaunyinji. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963.

Mu 1964 anayesa kubwerera m'ndale ku Southern Rhodesia, koma azungu anzake a ku Arundel, omwe masatifiketi ndi mapaundi anali nawo okwanira, anamukana n'kusankha Clifford Dupont wa chipani cha Ian Smith. Omuikira kumbuyo amanyadira kuti anatsutsa Smith podzilengezera ufulu mu 1965; chomwe chinamuwawa n'chakuti Smith anagalukira Mfumukazi, osati kuti akuda analibe voti. Mu 1981, Zimbabwe italandira ufulu, anasamukira ku England, ndipo anamwalirira ku Blandford Forum pa 5 Disembala 1991.