Mawaya a ECG sagwira nyesi

Malume anga, omwe amagulitsa usipa pamsika, atauzidwa kuchipatala kuti avule malaya awamate mawaya pachifuwa, adatola chipewa chawo n'kubwerera kumudzi. Ati iwo si wailesi yoti ailumikize kumagetsi. Tidaseka, koma nkhaniyi si yoseketsa. Mkuluyu ali ndi BP, ndipo kwa sabata ziwiri ankamva kulemera pamtima akamakwera chitunda.

Chomwe sadauzidwe n'chakuti makina a ECG salowetsa magetsi m'thupi. Magetsiwo ali kale mumtima mwa munthu. Kumtunda kwa mtima, mbali ya kumanja, kuli kagulu ka maselo kotulutsa timphamvu ta magetsi, ndipo n'timene timachititsa mtima wa munthu wamkulu kugunda ka 60 mpaka 100 pamphindi akakhala phee. Makinawo amangomvetsera basi. Namwino amamata tizigamba 10, 6 pachifuwa ndi 4 m'mikono ndi m'miyendo, kenaka pamatuluka pepala la mizere yokwera ndi kutsika. Palibe jakisoni, palibe ululu, kupatula pomatula ngati muli ndi cheya chambiri.

Pamizerepo dokotala amatha kuona ngati mtima ukugunda mosalongosoka, ngati mnofu wake wakhuthala chifukwa cha BP ya zaka zambiri, kapena ngati mtsempha wodyetsa mtimawo watsekeka. Chomalizachi sichidikira mawa, poti mnofu wosowa magazi suchedwa kufa.

Malumewo akadaona makina omwe Willem Einthoven wa ku Netherlands ankagwiritsa ntchito mu 1903, akadathawa n'kusiya nsapato. Ankalemera pafupifupi makilogalamu 270, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amchere.

Ine mlandu sindikuuika pa malume ayi. Ndikudziwa kuti anamwino ntchito imawachulukira, koma kodi kufotokozera munthu kuti mawayawa sagwira nyesi kungathe mphindi zingati? Odwala auzidwenso kuti pepala likatuluka labwino si ndiye kuti nkhani yatha. Matenda ena a mtima amabisala pa ECG, amafuna kuyeza magazi kapena kuunika mtimawo pa sikani. Choncho wina akamamvabe kufinya pachifuwa, makamaka kukamafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, athamangirenso kuchipatala osadikira kuche.

Malume adabwererako amayi anga, mlongo wawo, atawakalipira n'kuwaperekeza. Pano amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo pepala lija adalipinda m'kabuku kawo ka kuchipatala. Aliyense wogula usipa amamuonetsa.