Kupuma Mpikisano Usanafike Si Ulesi

Mwa masewera ofuna mphamvu zambiri ulipo mpikisano wotchedwa triathlon, umene unayamba mwa makonzedwe ake a lero mumzinda wa San Diego ku America m'chaka cha 1974, ndipo unalowa m'masewera a Olimpiki ku Sydney m'chaka cha 2000. Wopikisana amayamba ndi kusambira, kenaka amapalasa njinga, natsiriza ndi kuthamanga, popanda kupuma pakati. Mu mtundu wake waufupi, wotchedwa sprint, munthu amasambira mamita 750, amapalasa makilomita 20, nathamanga makilomita 5.

Opikisanawo amakonzekera kwa miyezi ingapo. Tsono tsiku likayandikira, ambiri amagwidwa ndi mantha nayamba kuwonjezera zolimbitsa thupi, poganiza kuti mphamvu zimene akusowa azipeza m'sabata yomaliza. Kutero nkulakwa kwakukulu. Sabata imeneyi ndi yochepetsa ntchito.

Chifukwa chake nchodziwika. Munthu akagwiritsa ntchito thupi kwambiri, minofu yake imavulala pang'ono mkati, ndipo shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi amachepa. Thupi limakonza zimenezi pa nthawi yopuma, ndipo pamenepo mpamene mphamvu zimakula. Amene sapuma amafika pa mpikisano miyendo ili yolemera, ndipo savuta kubinya mwendo kapena kugwidwa ndi chimfine. Ngakhale mlimi wanzeru satopetsa ng'ombe zake lero pamene mawa zili ndi ulendo wautali wa ngolo.

Akatswiri a masewera amalangiza kuti kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpikisano usanachitike, munthu achepetse mtunda wake ndi theka. Amene amapalasa makilomita 40 apalase 20 okha. Koma liwiro lisatsike, ndipo masiku osambira, opalasa ndi othamanga akhale pafupifupi monga mwa kale. Kungokhala pansi osachita kanthu nakonso nkosathandiza, pakuti thupi limayamba kuuma.

Ena amatsutsa, namati kupuma kumathawitsa mphamvu. Nkhawa yotere ndi yopanda maziko. Kulimba kumene munthu wakupeza m'miyezi itatu sikungathe m'masiku 7, monganso sikungapezeke m'masiku 7. Chimene chimatha m'sabata imeneyi ndi kutopa basi.

M'masiku otsirizawa wopikisana ayenera kugona tulo tokwanira ndi kumwa madzi abwino. Adye zakudya zimene anazolowera, makamaka zopatsa mphamvu monga mpunga, mbatata ndi nthochi. Asayese chakudya chachilendo, ndiponso asavale nsapato zatsopano pa tsiku la mpikisano, chifukwa zimatulutsa matuza. Ngati thupi latentha, alekeretu mpikisanowo ndi kupita kuchipatala, pakuti kuthamanga thupi likutentha kumaika mtima pangozi.

Anthu ambiri a kumudzi sanaonepo triathlon, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse. Anyamata a mpira ndi ana a sukulu othamanga mitunda italiitali nawonso amafooka akalimbitsidwa mpaka tsiku lomaliza. Aphunzitsi ndi makolo amene amawakakamiza motero akuwabera mphamvu zimene anazivutikira. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Mwana amene wakonzekera mokwanira apatsidwe mpata wopuma, kuti pa tsiku la mpikisano aimirire ali ndi nyonga zake zonse.