Kodi Phala la Oats Wongothira Madzi Otentha Ndi Lopatsa Thanzi?

M'masitolo a m'mizinda monga Lilongwe, Lusaka ndi Harare mumapezeka mapaketi a oats wongothira madzi otentha, ndipo funso lakuti phala limeneli ndi labwino kwa ana ndi kwa odwala matenda a shuga layamba kufika kwa alangizi. Liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti banja limene lakopeka ndi zolembedwa pabokosi likhoza kugulitsa mtedza wake kuti ligule chakudya chimene sichiposa mtedzawo.

Poyamba ndi bwino kuidziwa mbewuyo. Oats, amene asayansi amamutcha Avena sativa, ndi mbale wake wa tirigu ndipo amakonda malo ozizira. M'chigawo chathu amalimidwa makamaka ku South Africa ndi ku Lesotho, kumene wambiri amadyetsedwa ku ziweto m'nyengo yachisanu. Njere yake ili ndi zomanga thupi zoposa za chimanga, komanso ili ndi mafuta ochuluka kuposa a tirigu. Mafuta amenewa sachedwa kuwonongeka ndi kuyamba kuwawa, n'chifukwa chake oats wa m'sitolo amakhala atawiritsidwa kale ndi nthunzi ndi kuumitsidwa kufakitale. Palibe oats wogulitsidwa wophikira phala amene sanakhudzidwe ndi makina. Kusiyana kuli pa kukula kwa zidutswa. Pali wongoduladula, amene amapsa pa mphindi 20 mpaka 30. Pali wophwatalala, amene amapsa pa mphindi zisanu. Ndiye pali wongothira madzi, amene anamuphika kale, kumuumitsa ndi kumupsinja mpaka kupyapyala.

Pa mitundu itatuyi palibe umene unachotsedwa gaga. Apa oats wongothira madzi akusiyana kwambiri ndi ufa woyera, umene umataya gaga ndi mtima wa njere pokonola ndi poviika. Mlangizi amene amauza anthu kuti oats ameneyu ndi "wopanda chakudya" akulakwitsa. Zomanga thupi zilimo, ndipo mulinso chinthu chimene chinatchukitsa mbewuyi, chotchedwa beta-glucan. Chimenechi n'chimene chimachititsa phala la oats kunanda ngati therere. Chikafika m'matumbo chimagwira ndulu ndi kutuluka nayo, motero chiwindi chimatenga mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol kuti chipange ndulu ina, ndipo mafutawo amatsika. Mu 1997 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, la FDA, linalola opanga oats kulemba pamapaketi kuti amathandiza kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima. Muyeso wake ndi magalamu 3 a beta-glucan pa tsiku, amene amapezeka mu oats wouma wokwana magalamu pafupifupi 75. Kapaketi kamodzi ka munthu mmodzi sikafika ngakhale theka la pamenepa, koma otsatsa malonda sakonda kutchula zimenezi.

Zifooko zake zilipo ziwiri. Choyamba ndi kufulumira kugayika. Njere ikaphikidwa kale ndi kupyapyalitsidwa, thupi limaisandutsa shuga mwamsanga. Pa muyeso wa glycaemic index, pamene shuga wa glucose ali pa 100, phala la oats wophwatalala lili cha pa 55, pamene la wongothira madzi lili cha pa 79. Kwa mnyamata wopita kumunda kusiyanaku n'kochepa, kungoti njala imubwerera msanga. Kwa munthu wodwala shuga n'kwakukulu, ndipo iyeyu ayenera kulangizidwa kusankha wophwatalala kapena wongoduladula.

Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, ndi zimene afakitale amathiramo. Timapaketi tokometsedwa ndi fungo la zipatso kapena la uchi nthawi zambiri timakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 kapena 12, ndiye kuti masupuni aang'ono pafupifupi atatu, kuphatikizapo mchere. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira asafike pa magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza ku chakudya, ndipo ndi bwino koposa akakhala pansi pa magawo 5, amene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 25 pa tsiku. Kapaketi kamodzi kamatha theka la muyeso umenewu dzuwa lisanakwere, tiyi wa masupuni atatu asanabwere. Ntchito ya mlangizi pamenepa ndi yophweka: kutembenuza bokosi ndi kuwerenga mndandanda wa zimene zilimo. Ngati palembedwa oats yekha, chakudyacho n'chabwino. Ngati shuga ali wachiwiri pamndandanda, banjalo likugula shuga pa mtengo wa oats.

Kaphikidwe sikavuta. Kapu imodzi ya oats wophwatalala imafuna makapu awiri a madzi kapena mkaka; wongoduladula amafuna makapu atatu kapena anayi. Kumuviika usiku m'madzi owiritsa kumafupikitsa nthawi yophika, zimene n'zofunika kwa wogula makala. Komabe phala loviikidwa liphikidwe ndithu m'mawa ngati pakhomopo palibe filiji, makamaka ngati adye ndi mwana. Nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga zimawonjezera zomanga thupi ndiponso zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndipo nthochi yakupsa imatsekemeretsa mokwanira. Pali mfundo ina imene imaiwalika. Oats ali ndi phytate, amene amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi ndi zinki. Mu tirigu kuviika kumachepetsa phytate chifukwa njere ili ndi mphamvu yakeyake yomuphwanya, koma mu oats mphamvu imeneyi ndi yochepa ndipo imafa ndi kutentha kwa kufakitale kuja. Choncho kuviika kokha sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kudya phalalo ndi gwafa, papaya kapena ufa wa malambe, zimene zili ndi vitamini C.

Kwa mabanja akumudzi nkhani yaikulu ndi ya mtengo. Oats wambiri wa m'masitolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amachokera kunja, ndipo wogula amalipira ulendo, bokosi ndi dzina. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena Likuni Phala wa magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya, limalera mwana bwino lomwe ndi mbewu za m'nkhokwe. Mawere ndi mapira nazonso zimadyedwa ndi gaga wake. Chimene oats amaziposa mbewu zimenezi ndi beta-glucan, ndipo woyenera kumulipirira ndi munthu wamkulu amene achipatala anamupeza ndi cholesterol wochuluka. Ameneyo agule thumba lalikulu la oats wophwatalala wosathira kanthu, alisunge m'chitini chotseka bwino kuopa chinyontho ndi anankafumbwe, ndipo ayeze kapu imodzi yosadzaza kwambiri tsiku lililonse.