Kuwedza Carp M'madamu a ku Joni

Ambiri a ife tili ndi ana kapena achimwene amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo Lamulungu likafika ena mwa iwo amatenga mbedza kupita ku Vaal Dam, pokumbukira kwawo ku Mangochi ndi ku Makanjira. Dandaulo lawo ndi limodzi: amakhala padzuwa tsiku lonse nabwerako ndi mlamba umodzi, pamene eni dziko amene akhala nawo pafupi akuvuula nsomba zonga mwana wa mbuzi. Nafenso titapita kukacheza kumeneko zinatichitikira, ndipo tinachita manyazi, ife obadwira m'mphepete mwa nyanja.

Nsomba imeneyi dzina lake ndi carp. Ndi mbale wake wa ntchila ndi matemba, koma imakula kupitirira makilogalamu 10. Ili ndi tindevu tinayi pakamwa ndipo imadyera pansi, ikufwenkha m'matope monga nkhuku padzala. M'kamwa mwake mulibe mano. Mano ake ali kukhosi. Choncho siluma nyambo monga achitira mcheni. Imayamwa, kulawa, ndipo ikamva chachilendo imalavula msodzi asanadziwe kanthu. Nzeru zonse zoigwirira zagona pamenepa.

Tiyambe ndi nyambo. Nyongolotsi imadya ndithu, koma mlamba ndiye amafika msanga. Chimene carp imakonda ndi chimanga, ndipo apa Mmalawi sayenera kugonja kwa wina aliyense. Eni dziko amagula ufa wa m'mapaketi naumba chimene amati mieliebom. Ife tingathe kukazinga mgaiwa pang'ono kuti ununkhire, kusakaniza ndi gaga, ndi kuwaza madzi pang'onopang'ono kufikira uzigwirana ukafinyidwa m'manja. Musaphike ngati nsima ya alendo. Mpira wake, waukulu ngati dzira la nkhuku, uyenera kupirira pouponya koma uphwasuke ukafika pansi. Yesani kaye m'mphepete: ukakhala mphindi 10 uli chiumbire, mwaulimbitsa, onjezani gaga.

Mpirawo umaumbidwa pa mtovu kapena pa kawaya kopotana, ndipo pafupi pake pamakhala mbedza ziwiri pa tizingwe tatifupi, tosapitirira chikhatho. Mbedza zikhale zazing'ono. Apa ndi pamene ambiri timalakwa, poganiza kuti nsomba yaikulu ifuna mbedza ya kampango. Ayi. Mbedza yokwana njere imodzi ya chimanga chophika ndi yokwanira, bola ikhale yakuthwa ndipo nsonga yake ionekere. Ena amaviika njereyo m'uchi kapena kuipaka adyo. Ife sitikangana nawo, koma tinaona kuti chimanga chosapaka kanthu chimagwiranso, malinga nsomba zasonkhana.

Palinso kamangidwe kena kamene Len Middleton ndi Kevin Maddocks anatulukira ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyambo siilowetsedwa ku mbedza, koma imalendewera pa kaulusi kumunsi kwake. Nsomba ikayamwa njere, mbedza imalowa nayo ili yamaliseche, ndipo polavula imakola mlomo wam'munsi. Amene akufuna zikuluzikulu ayese zimenezi.

Tsono chachikulu kuposa zonse ndi malo. Kwathu tikaona kuti sizikudya timasuntha bwato. Ndi carp musatero. Sankhani mtengo kapena nyumba ya tsidya lina ikhale chizindikiro chanu, ndipo muziponya polunjika pomwepo, mtunda womwewo, nthawi zonse. Poyamba vuulani ndi kuponyanso mpira watsopano pakatha mphindi 20 zilizonse. Mukutero mukuyala chakudya pamalo amodzi, ndipo nsombazi zimayenda m'magulu. Zikapeza mphasa yoyalidwa sizichoka msanga. Woponya uku ndi uku amangodyetsa damu lonse. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha ndi chakumadzulo, makamaka kuyambira Seputembala madzi akayamba kufunda. Mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri kumeneko ndipo zimadya mwaulesi; chepetsani mpira. Phokoso la wailesi ndi kuthamanga kwa ana m'mphepete zimazithamangitsira kutali.

Mukaponya, ikani ndodo pa mphanda, kokani chingwe chiwongoke, ndipo mumatepo kampira ka ufa kuti kalendewere. Eni dziko amakatcha "wapolisi". Kakakwera kapena kugwa mwadzidzidzi, nyamulani ndodo, koma musatsomphole mwamphamvu pakuti mlomo wa carp ndi wofewa ndipo umang'ambika. Masulaninso kawilo kuti chingwe chizituluka chokha nsomba ikathamanga. Ife tinaona ndi maso athu ndodo ya mphwathu, yogula ndi malipiro a sabata yathunthu, ikulowa m'madzi iye akuthira tiyi.

Mawu awiri a chenjezo. Kuwedza kumeneko kumafuna chiphaso. Funsani ku sitolo yogulitsa mbedza musanapite, pakuti mlendo safunika kupatsa apolisi chifukwa. Ukonde, ngakhale wa udzudzu, usiyeni kunyumba. Chachiwiri, si damu lililonse limene nsomba zake ndi zoyenera m'mbale ya ana. Hartbeespoort yavutika kwa zaka zambiri ndi zonyansa za m'mizinda ndiponso namasupuni, yemwe uja timamudziwa mu Shire. Ife ya kumeneko tingaibwezere m'madzi.

Yodya sankhani ya makilogalamu awiri kapena atatu. Chotsani mnofu wakuda wa m'nthiti umene umanunkha matope, viikani m'madzi a mandimu ndi mchere, ndipo chenjerani ndi minga yake popatsa ana.

Wina anatifunsa ngati angatenge ana a carp kudzaika m'damu lake kumudzi. Carp inafika m'Malawi mu 1976 kuchokera ku Israel ndipo alimi ena a nsomba anaiweta, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linailetsa poopa kuti ikathawira m'nyanja idzavundula matope ndi kuwononga malo amene chambo chimaswanirana. Tinamuyankha kuti abwere nayo youma, tidzadye ndi nsima.